Funsani Achimwene: za ma bowl a mpira wa makoleji ku America

Moni nonse a ku Joni kuno, ndi inu amene mumatiwerenga muli kumudzi. Mwezi uno mafunso ambiri amene afika pa WhatsApp ya magazini ino si a Chiefs ndi Pirates ayi, ndi a mpira wa ku America uja wovala mahelemeti, makamaka wa anyamata a m'mayunivesite, umene sizoni yake ya 2024 inatha pa 20 January 2025. Ine mpira umenewu ndimaukonda kwambiri, ndiye zandisangalatsa kudziwa kuti tilipo angapo amene timakhala maso usiku chifukwa cha iwo. Nawa ena mwa mafunso anu.

Achimwene, ine ndimagwira ya ulonda pa complex ina ku Randburg, shifiti ya usiku. Kuyambira December mpaka January TV ya mu gadirumu imangoonetsa Rose Bowl, Cotton Bowl, kaya chani bowl, tsiku lililonse dzina lina. Kodi ndi rugby yomweyi ya ma Springboks koma yovala zitsulo kumutu? Nanga zikho zake zichulukiranji chonchi? — Mlonda, Randburg

Achimwene, si rugby, ngakhale mpira wake ukufanana kaumbidwe. Ku rugby simungaponye mpira kutsogolo, koma kuno amaloledwa kuponya kutsogolo kamodzi pa mwayi uliwonse, ndipo woponyayo ndi amene mumamva akuti quarterback. Mbali iliyonse imakhala ndi anthu 11. Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mwayi kanayi kuti isunthe mayadi 10, ikakwanitsa amayipatsanso mwayi wina kanayi, ikalephera mpira umapita kwa anzawo. Kufika nawo kumapeto kwa bwalo ndiye touchdown, mapointsi 6, kenako kamenyedwe kowonjezera 1, ndipo kumenya mpira pakati pa mapolo ali chapatali, kumene amati field goal, ndi 3. Mukangogwira za mwayi kanayi zija basi mwaudziwa mpirawu, kuimaima kuja sikudzakutopetsaninso chifukwa muzidziwa chimene akuwerengera.

Za zikho zochulukazo ndi chonchi. Matimu akuluakulu a mayunivesite analipo 134 sizoni ya 2024, ndipo iliyonse imasewera magemu 12 kuyambira kumapeto kwa August mpaka November. Timu ikawina magemu 6 imayitanidwa kukasewera gemu imodzi yotsekera chaka, nthawi zambiri ku mzinda wofunda ngati Orlando kapena Tampa, kwinaku kwawo kukugwa chipale. Gemu imeneyo ndiye bowl, iliyonse ili ndi kampani yake yoithandiza ndi kachikho kake. Wamkulu pa onse ndi Rose Bowl ya ku Pasadena, California, imene inayamba mu 1902 pamene Michigan inakwapula Stanford 49-0. Pano magemu onse a nyengo imeneyi amapitilira 40.

Koma si onse ali ndi njira yopita ku ukatswiri wa dziko. Kuyambira 2014 mpaka 2023 komiti imasankha matimu 4 okha kuti alimbirane chikho chachikulu. Sizoni ya 2024 inali yoyamba imene anatenga matimu 12, ndipo ma bowl akuluakulu asanu ndi limodzi, Rose, Sugar, Fiesta, Peach, Orange ndi Cotton, anasanduka makotafainolo ndi masemifainolo. Enawo ndi ongosangalalira kutha kwa chaka.

Achimwene, mwana wanga wamwamuna ali Grade 11 ndipo Lachiwiri lina mu January ndinamupeza 3 koloko m'bandakucha ali pa sofa, TV ikuyaka, m'mawa wake kuli sukulu. Akuti mama iyi ndi fainolo ya ana asukulu. Ana asukulu ake ati odzadza sitediyamu chonchija? — Mayi wa ku Rosettenville

Mayi, mwanayo sananame. Ndi ophunzira ndithu, ambiri a zaka 18 mpaka 23, kungoti ku America mpira wa makoleji unayamba kale ligi ya akatswiri ya NFL isanabadwe, ndiye anthu amasapota sukulu imene anaphunzira iwo, bambo awo, agogo awo. Bwalo la yunivesite ya Michigan limalowa anthu opitilira 107,000, la Ohio State opitilira 102,000, kuposa FNB Stadium yathu ya ku Nasrec, ndipo amadzadza pa magemu a pakhomo. Fainolo imene munamupeza akuonerayo inayamba 7:30 madzulo ku Atlanta, kuno inali 2:30 m'bandakucha wa pa 21 January, chifukwa mu January timasiyana nawo maola 7, ndipo gemu imodzi imadya maola atatu ndi theka kapena kuposa. Ndiye inde anapita ku sukulu asanagone bwino, ndipo mukulondola kudandaula. Ine ndinganene kuti mugwirizane naye: masiku a sukulu azionera ma highlights pa YouTube akaweruka, koma za weekend ndi za pa holide mumusiye. Magemu ambiri a ma bowl amagwa mkati mwa holide ya December, ndi fainolo yokhayo imene inapezeka sukulu zitatsegula kale.

Bigi, inu monga munthu woutsata, pa zonse zachitikazi chakukhalirani mumtima ndi chiti? Ine ndi Skattebo wa Arizona State basi. — Wa ku Cosmo City

Aise, pa Skattebo sindingakutsutseni. Peach Bowl ya pa 1 January, Arizona State ndi Texas, inayamba 8 koloko madzulo kuno, nthawi yabwino, anthu tili limodzi ndi nyama pa braai, ndipo Arizona State inali pansi 24-8 m'chigawo chomaliza aliyense akuti yatha. Mnyamata uja anali atasanza m'mbali mwa bwalo, n'kubwereranso, iye wothamanga ndi mpira koma anaponya touchdown ya mayadi 42 ngati quarterback, anathamanga mayadi 143, gemu mpaka kufika mu nthawi yowonjezera kawiri. Texas inapulumukira pa mwayi wachinayi kutatsala mayadi 13, quarterback wawo Quinn Ewers ataponyera Matthew Golden, n'kuwina 39-31. Skattebo anamupatsa mphotho ya wosewera bwino ngakhale timu yake inaluza, ndipo inali yake ndithu.

Koma changa ine ndi nkhani ya Ohio State, ndipo kuti muimve bwino tiyambire pa 30 November 2024. Ohio State ndi Michigan zili ngati Maule ndi Manoma, mutha kuwina magemu ena onse koma mukagonja pa derby ku Kamuzu Stadium masapota sakupatsani moni. Ohio State inali ndi timu yodula, mkulu wa zamasewero pa sukuluyo ananena yekha kuti osewera ake akulandira ndalama zokwana pafupifupi madola 20 miliyoni onse pamodzi, pamene Michigan inabwera itawina magemu 6 n'kuluza 5. Pakwawo pomwe ku Columbus, Ohio State inagonja 13-10, kachinayi motsatizana kugonja kwa Michigan. Gemu itatha a Michigan anafuna kuzika mbendera yawo pakati pa bwalo, kunabuka ndewu mpaka apolisi kuthira anthu pepper spray, ndipo masapota ambiri amafuna kuti kochi Ryan Day achotsedwe ntchito.

Ikanakhala nthawi ya matimu 4, sizoni yawo inathera pomwepo. Anali ataluza kale kwa Oregon 32-31 mu October, ndiye kugonja kawiri komiti sikanawayang'ana n'komwe. Koma poti matimu ndi 12 analowa pa nambala 8, ndipo zimene anachita kuchokera pamenepo ndi zimene zimandipangitsa kunena kuti dongosolo latsopanoli ndi labwino. Anaswa Tennessee 42-17 kukuzizira koopsa ku Columbus. Ku Rose Bowl anakumananso ndi Oregon, imene inali isanaluzepo gemu sizoni yonse, 13-0, ndipo chigawo choyamba chisanathe n'komwe zinali 34-0, mwana wa chaka choyamba pa koleji Jeremiah Smith akungodutsa anthu, anamaliza ndi mayadi 187. Inatha 41-21.

Ndiye kunabwera Cotton Bowl, semifainolo ndi Texas ku Arlington, kuno linali Loweruka m'bandakucha pa 11 January. Ohio State ikutsogola 21-14, kwatsala mphindi zochepa, Texas yafika pa yadi imodzi yokha kuti ifananitse. Anayesa kudutsa pakati, anawatsekera. Anayesa kuzungulira kumbali, anawabweza mayadi 7. Mwayi wachinayi, ali pa mayadi 8, Ewers akukweza dzanja kuti aponye, Jack Sawyer wa Ohio State anatulukira kumbuyo kwake n'kumenya dzanjalo, mpira unagwa n'kudumphira m'manja mwa Sawyer yemweyo, ndiye chimunthu cholemera chija chinayamba kuthamanga, mayadi 83, anzake akumuperekeza m'mbali, mpaka touchdown kutatsala mphindi 2 ndi masekondi 13. Ine ndinali nditatsitsa volume kuti ndisadzutse a pa flat yoyandikana nayo koma ndinapezeka ndaimirira, manja m'mwamba, misozi ili m'maso. Chifukwa Sawyer ameneyu ndi mwana wa ku Ohio komweko, wa ku Pickerington, akanatha kupita ku NFL mu 2024 koma anabwerera kuti adzagonjetse Michigan, ndipo sanaigonjetsepo ngakhale kamodzi pa zaka zake zinayi. Ndi iyeyo amene anakang'amba mbendera ya Michigan ija tsiku la ndewu. Ndipo Ewers amene anamulanda mpirayo anali mnzake wogona naye chipinda chimodzi mu 2021, Ewers asanasamukire ku Texas.

Chinthu chimodzi chimene sichinayende bwino pa dongosololi ndi kaikidwe ka manambala. Matimu anayi amene anapatsidwa mpumulo pa ndime yoyamba, Oregon, Georgia, Boise State ndi Arizona State, onse anatuluka pa gemu yawo yoyamba. Oregon inawina zonse chaka chonse koma mphotho yake inali kukumana ndi Ohio State pa kotafainolo, izi ndiye zinafunika kuzikonza.

Achimwene, ine ndine Mkatolika wa ku Dedza ndipo nditamva kuti Notre Dame ndi sukulu ya mpingo wathu ndinayamba kuisapota. Fainolo ija inandipweteka. Kodi tinali ndi mwayi kapena tinangoperekeza? — Bambo wa ku Turffontein

Bambo, simunaperekeze ayi. Kumbukirani kumene munachokera. Mu September, pakwanu pomwe ku South Bend, munagonja 16-14 kwa Northern Illinois, katimu kakang'ono kamene munachita kukalipira madola 1.4 miliyoni kuti kabwere kudzasewera nanu. Anthu anakulembani kuti mwatha. Kuchokera pamenepo munawina magemu 13 motsatizana.

Sugar Bowl yanu ndi Georgia ndi imene sindidzaiwala chifukwa cha chisoni chimene chinaizungulira. M'bandakucha wa pa 1 January munthu wina anayendetsa galimoto m'khamu la anthu pa Bourbon Street ku New Orleans n'kupha anthu 14, gemu inasunthidwa kufika pa 2 January, ndipo anyamata anasewera mzinda uli pa maliro. Notre Dame inapeza mapointsi 17 m'masekondi 54 okha, kumapeto kwa chigawo choyamba ndi kumayambiriro kwa chachiwiri, n'kuwina 23-10. Ku Orange Bowl munadutsa Penn State 27-24, Mitch Jeter atamenya field goal ya mayadi 41 kutatsala masekondi ochepa.

Pa fainolo munayamba bwino kwambiri. Ulendo woyamba munakhala ndi mpira mphindi 9 ndi masekondi 45, quarterback wanu Riley Leonard akuthamanga nawo yekha mobwerezabwereza mpaka touchdown, 7-0. Koma ine ndinaona kuti ulendo umenewo unamutopetsa Leonard, ndipo mbali inayo Will Howard wa Ohio State anaponya mipira 13 yoyamba yonse osaphonya, Quinshon Judkins anachinya katatu, posakhalitsa zinali 31-7. Timu ina ikanangogwa ulesi pamenepo. Inu munabwerera mpaka 31-23 ndi ma touchdown awiri a Jaden Greathouse, ndipo kutatsala mphindi ziwiri ndi pang'ono Ohio State inali pa mwayi wachitatu ikufunika mayadi 11, akanalephera mpira ukanabwerera kwa inu. Howard anaponya mpira wautali kwa Jeremiah Smith, mayadi 56, gemu inathera pamenepo, 34-23. Mpira umodzi umenewo ndi umene unasiyanitsa.

Chikho chanu chomaliza ndi cha 1988, ndikudziwa kuti ndi kale. Koma kochi wanu Marcus Freeman anali ndi zaka 39 zokha pa fainoloyo, bambo ake ndi munthu wakuda, mayi ake ndi a ku Korea, ndipo ndi kochi wakuda woyamba kufikitsa timu pa fainolo ya mpira wa makoleji akuluakulu. Pa masewero amene osewera akuda ndi ochuluka chonchija, kuti zimenezi zichitike koyamba mu 2025 zikukuuzani kuti chitseko chinali chotseka nthawi yaitali. Iyeyo anasewerera Ohio State ali mnyamata, ndiye pa fainolo amalimbana ndi sukulu yake yomwe.

Achimwene, ine zinandinyansa. Cam Ward wa Miami anasewera chigawo choyamba chokha, atangophwanya rekodi n'kukhala pansi, anzake n'kuluza ndi pointi imodzi. Ameneyu si wodzikonda? — Wa ku Kempton Park

Achimwene, ndikumvetsa kukwiya kwanu chifukwa nanenso gemu imeneyo ndinaionera, Pop-Tarts Bowl ya pa 28 December ku Orlando. Ward anaponya ma touchdown atatu, anadutsa rekodi ya Case Keenum ya ma touchdown oponya ochuluka m'makoleji akuluakulu, Miami ikutsogola 31-28 popita kokapuma, ndiye chigawo chachiwiri anangoima m'mbali, Iowa State n'kuwina 42-41. Kuoneka kwake sikunali bwino, ndipo ine ndikanakonda akanasankha chimodzi, kusewera yonse kapena kusayamba n'komwe.

Koma kumutcha wodzikonda ndiye ndikukana. Pa 1 January 2016, ku Fiesta Bowl, Jaylon Smith wa Notre Dame, amene aliyense amati adzakhala m'gulu loyambirira pamene matimu a NFL azidzasankha osewera a m'makoleji, anathyoka bondo moipa pa gemu imene inalibe chikho cha dziko. Anatsika mpaka nambala 34, ndalama zimene anataya ndi mamiliyoni a madola, ndipo sizoni yake yoyamba yonse sanasewere. Chaka chomwecho mu December, Jake Butt wa Michigan anavulalanso bondo ku Orange Bowl n'kutsika mpaka raundi yachisanu. Anyamata a lerowa anakula akuona zimenezi. Ward ankayembekezeka kukhala m'gulu la oyamba kusankhidwa mu April 2025, ndipo ambiri mwa anyamatawa kumbuyo kwawo kuli mayi, abale, banja lonse likudikira contract imeneyo. Bondo ndi lake, kampani ya mabisiketi imene ikuthandiza gemuyo sidzamulipira likathyoka.

Amene ndimawaloza chala ine ndi akuluakulu oyendetsa mpirawu. Kwa zaka zambirimbiri masukulu ndi ma TV amapanga ndalama zankhaninkhani, makochi akulandira mamiliyoni, wosewera osaloledwa kulandira kanthu kupatula sukulu yaulere. Zinasintha mu July 2021 pamene analola kuti osewera azipeza ndalama kudzera mu dzina ndi nkhope yawo, zimene amati NIL, ndipo pano amathanso kusamuka sukulu mosavuta kudzera mu transfer portal. Zonsezi ine ndikugwirizana nazo. Koma ndani anaganiza zotsegula zenera losamukira pa 9 December 2024, ma bowl asanayambe? Taonani za Marshall. Inawina ligi yake ya Sun Belt, kochi Charles Huff n'kuchoka kupita ku Southern Miss, osewera opitilira 20 n'kulowa mu portal, mapeto ake timu inalephera kupita ku Independence Bowl kukakumana ndi Army. Anachita kuitana Louisiana Tech, imene inawina magemu 5 okha, n'kukagonja 27-6. Ngakhale Penn State, ili mkati molimbirana chikho chachikulu, inataya quarterback wake wachiwiri Beau Pribula chifukwa akanadikira akanapeza malo atatha kwina. Kochi akachoka December palibe amamutcha wodzikonda, amati wapeza mwayi.

Zizindikiro zinaoneka kale mu sizoni ya 2023, pamene Florida State inawina magemu onse 13 komiti n'kuisiya kunja kwa matimu 4, osewera ake ambiri n'kukana kusewera Orange Bowl, Georgia n'kuiphwanya 63-3. Ndiye mantha anga ndi oti pamene chikho chachikulu chikukoma chonchi, ma bowl ang'onoang'ono akutha mphamvu chaka ndi chaka, chonsecho kwa matimu opitilira 100 amene sadzafika pa 12 paja, ndi okhawo amene ali nawo. Muone m'mene anyamata a Iowa State anasangalalira usiku umenewo, kanali koyamba m'mbiri ya sukulu yawo kuwina magemu 11 pa sizoni imodzi. Kwa iwowo gemu ija sinali yongocheza.

Achimwene, ndinaona kavidiyo pa Facebook bambo wamkulu akumuthira mayonezi mutu wonse. Anachimwa chani? Komanso mpirawu uyambanso liti, mwamuna wanga wayamba kuufunsa. — Achemwali a ku Mayfair

Achemwali, sanachimwe, anawina. Ameneyo ndi P.J. Fleck, kochi wa Minnesota, atagonjetsa Virginia Tech 24-10 pa 3 January ku Charlotte. Gemuyo imathandizidwa ndi kampani ya mayonezi ya Duke's, ndiye mwambo wake ndi woti kochi wowina amakhala pa mpando n'kumukhuthulira chidebe chonse, osewera ake akukuwa ndi chimwemwe. Ku Pop-Tarts Bowl kuja nako, owina amadya chibisiketi chachikulu chooneka ngati chidole cha gemuyo. Ine zimenezi ndimazikonda, anyamata amene amenyana thupi kuyambira August amafunika tsiku loti aseke.

Auzeni bambo akunyumbawo kuti sizoni yatsopano imayamba kumapeto kwa August, monga pa 30 August 2025 pamene Texas inapita ku Columbus kukakumana ndi Ohio State, kubwereza Cotton Bowl ija, ngakhale Sawyer, Howard ndi Ewers anali atapita. Jeremiah Smith yekha analipo, malamulo sankamulola kupita ku NFL asanathe zaka zitatu chimalizireni sekondale. Mu September ndi October timasiyana ndi kum'mawa kwa America maola 6, ndiye magemu oyamba 12 koloko masana kumeneko kuno amakhala 6 koloko madzulo Loweruka, mutha kuonera limodzi pa ESPN mukudya nsima. Ayambe ndi amenewo asanafike pa a usiku.